Kodi a Spencer a ku Althorp anachokera kwa mafumu kapena kubusa?

Mayi wina amene amakhala ku Northampton, ku England, wanditumizira kalata pa imelo. Akuti anakaona nyumba ya Althorp, ya banja la Spencer, kumene kunaikidwa Princess Diana, mwana wa banjalo, mu 1997, ndipo ali konko anamva munthu akunena kuti banja la Spencer linachokera kwa akuluakulu amene anawoloka nyanja pamodzi ndi William wa ku Normandy pamene anagonjetsa England mu 1066. Akufuna kudziwa ngati zimenezi zili zoona, komanso mmene munthu angatsimikizire mzere wa makolo wa banja lotere.

Mayi, funso lanu landikhudza pachilonda, ndipo mundilole ndiyambe ndi za kwathu ndisanafike ku Althorp. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, ankagulitsa matemba. Ankalawira tambala asanalire kupita ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo ankabwerera madzulo atamangirira dengu lalikulu kumbuyo kwa njinga ndi malamba odula ku chubu chakutha. Ndimakumbukirabe fungo la nsomba zouma limene silinkachoka m'manja mwawo ngakhale atasamba ndi sopo, ndiponso mmene ankatsanulira ndalama zachitsulo pamphasa n'kuziika m'magulumagulu, gulu lililonse akulitchula dzina la mwana amene ankafunika fizi. Ana awo asanu ndi mmodzi anaphunzira ndi ndalama za dengu limenelo. Koma tsiku limene tinkavundukula chiliza chawo, malume anga, amene pa nthawiyo anali atapeza bwino m'tauni, anagawira anthu kapepala kosindikiza ka mbiri ya malemuwo. Kapepalako kankanena kuti agogo anali mdzukulu wa mfumu yaikulu, ndipo kuti anali "munthu wa zamalonda". Za matemba sizinalembedwe, ndipo za njinga sizinatchulidwe n'komwe. Anthu anaomba m'manja. Agogo aakazi, amene anakhala pamkeka pafupi nane atafunda chitenje kumutu, anandikodola n'kufunsa chapansipansi kuti, "Nanga njinga ija aisiya kuti?" Sindinawayankhe, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti sindinaimirire n'kunena zimene tonse tinkazidziwa.

Zimene anachita malumewo n'zimenenso banja la Spencer linachita mu 1595, kungoti iwo anachita kudzera kwa mkulu wa boma.

Mzere wa banjali umene uli ndi umboni weniweni ndi waufupi ndiponso womveka bwino. Pamene mafumu a Tudor ankayamba kulamulira England mu 1485, a Spencer anali alimi a ziweto m'chigawo cha Warwickshire, obwereka malo odyetsera nkhosa ndi ng'ombe kwa eni minda. John Spencer, amene ndiye tsinde la nthambi ya ku Althorp, anapeza ndalama zokwanira moti mu 1504 anapatsidwa chizindikiro cha banja, chishango chokhala ndi mitu isanu ndi umodzi ya mbalame za kunyanja. Chizindikiro chotere ndicho chinkasonyeza kuti munthu walowa m'gulu limene Angerezi amati gentry, kutanthauza eni minda ikuluikulu amene sankagwira khasu okha koma analibe maudindo apamwamba a ufumu. Mu 1506 anagula Wormleighton kwa William Cope, ndipo mu 1508 anagula Althorp kwa banja la Catesby pa mtengo wa mapaundi 800. Mfumu Henry VIII inamupatsa ulemu wa Sir, ndipo anamwalira mu 1522.

Kuchokera pamenepo mzerewo umatsika kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana wamwamuna wamkulu, pakuti kumeneko minda sinkagawidwa pakati pa ana onse, ndipo mwana wa mlongo wa munthu analibe gawo monga zimakhalira kwathu kwa ife a chikamwini. Sir William anatenga malo a bambo ake, anakwatira Susan Knightley wa ku Fawsley, ndipo anamwalira mu 1532 atasiya mwana wamng'ono. Mwanayo, Sir John wachiwiri, ndiye anakulitsa chuma koposa onse, moti m'masiku ake nkhosa za banjali zinapitirira 10,000, ndipo ubweya ndi nyama zinkagulitsidwa mochuluka kwa amalonda akuluakulu. Iye anakwatira Katherine Kitson, mwana wa Sir Thomas Kitson wa ku Hengrave, wamalonda wolemera wa mu London, ndipo anamwalira mu 1586. Mwana wake, Sir John wachitatu, anakwatira Mary Catlin, mwana wa Sir Robert Catlin, woweruza wamkulu wa dzikolo. Mwa iwo munabadwa Robert, amene Mfumu James inamukweza kukhala Baron Spencer wa ku Wormleighton mu 1603, chaka chimene ulamuliro wa Tudor unatha. Mibadwo isanu yokha, ndipo m'badwo uliwonse unkasankha mosamala kumene ukakwatire: koyamba kwa eni minda anzawo oyandikana nawo, kenaka kwa wamalonda wa ndalama, kenaka kwa mkulu wa malamulo. Ana aakazi nawonso anali njira yokwerera, pakuti Alice, mwana wa Sir John wachiwiri, anakwatiwa ndi Ferdinando Stanley amene anadzakhala Earl wa ku Derby, ndipo m'bale wake Elizabeth anakwatiwa ndi George Carey wa banja la Hunsdon, achibale a Mfumukazi Elizabeth I.

Sindikufuna kuti muganize kuti chuma chimenechi chinali choyera mbali zonse. Wormleighton unali mudzi wa anthu olima, ndipo Cope asanaugulitse anali atagwetsa nyumba n'kuchotsa anthu pafupifupi 60 kuti minda isanduke msipu. Pamene Kadinala Wolsey, nduna yaikulu ya Mfumu Henry VIII, anatuma akuluakulu mu 1517 kukafufuza za eni minda otchinga malo ndi mipanda n'kupasula midzi, John Spencer anayenera kuyankhapo za malo akewo. Anthu amene anachotsedwa aja nawonso anali ndi makolo ndi zidzukulu, koma mayina awo palibe amene anawalemba pa chikopa chokongoletsedwa ndi golide.

Tsono mu 1595, banjali litalemera kotheratu, mitu ya mbalame ija inayamba kuoneka yosakwanira. Richard Lee, mmodzi wa akuluakulu oyang'anira zizindikiro za mabanja, amene udindo wake unkatchedwa Clarenceux, anawakonzera mndandanda wa makolo wowalumikiza ku banja lakale la Despenser, lija la Hugh le Despenser amene anali wokondedwa wa Mfumu Edward II ndipo anaphedwa mu 1326. Kuyambira pamenepo a Spencer anasiya chishango cha 1504 n'kuyamba kugwiritsa ntchito china chotengera cha a Despenser, atawonjezapo zigoba zitatu za nkhono za m'nyanja, ndipo n'chimene mukuchiona pa Althorp lero. Mayina awiriwa amafanana chifukwa onse amachokera ku dzina la ntchito, ya kapitawo wosunga ndi kugawa chakudya m'nyumba ya munthu wamkulu, ndipo akapitawo otere analipo ambirimbiri osakhala pachibale. Kunena kuti Spencer aliyense ndi mdzukulu wa Despenser kuli ngati kunena kuti Phiri aliyense ndi woyenera kulowa ufumu wa Kalonga. Mu 1901 katswiri wa mbiri ya mabanja, J. Horace Round, anasanthula mndandanda wa Lee n'kuonetsa kuti mfundo yolumikiza mabanja awiriwo inali yopeka. Nkhani ya 1066 imene munamva ija imapachikika pa mfundo yomweyo, choncho ikaduka, zonse za pamwamba pake zimagwa.

Ena amati tisawaweruze, popeza m'nthawi ya Tudor mabanja ambiri ongolemera kumene ankachita zomwezo, ndipo munthu wopanda makolo otchuka ankanyozedwa pabwalo la mfumu. Kale ndinkavomereza maganizo amenewa, koma pamene ndikulemba pano ndikuona kuti sindingathenso kuwavomereza. Kupeka makolo sikungowonjeza dzina la munthu wamkulu pamwamba pa mndandanda. Kumafafaniza munthu weniweni amene anadzuka usiku kukaona nkhosa zikuswa m'nyengo yozizira, amene anawerengera ndalama n'kulimba mtima kugula munda. Munthu ameneyo ndiye anagula Althorp, osati Despenser. Amene amalipira kuti kholo lake lisinthidwe amakhala akunena kuti thukuta limene linamulera ndi lochititsa manyazi, ndipo ine ndinaona ndi maso anga nkhope ya mayi wokalamba pamene mwamuna wake ankafafanizidwa chomwecho pamaso pa mudzi wonse. Komanso bodzalo silinawateteze. Mu 1621, pa mkangano m'nyumba ya malamulo ya House of Lords, Earl wa ku Arundel, wa banja lakale la Howard, ananyoza Robert Spencer pomukumbutsa kuti makolo ake ankaweta nkhosa. Zimasimbidwa kuti Spencer sanatchule za Despenser ayi, koma anabweza kuti pamene makolo ake ankaweta nkhosa, makolo a Arundel ankakonza chiwembu choukira mfumu. Arundel anakatsekeredwa ku Tower of London chifukwa cha mkanganowo. Pa tsiku limene zinthu zinavuta, chimene chinamuimiritsa Spencer mowongoka chinali nkhosa zomwe zija.

Nanga mungatsimikize bwanji?

Khulupirirani chikalata chimene chinalembedwa pa nthawi imene munthuyo anali moyo kapena atangomwalira, osati mndandanda wokonzedwa patapita zaka mazana. Mawilo a mabanja otere, kutanthauza zikalata zimene munthu amasiya zonena za kagawidwe ka chuma chake akamwalira, amasungidwa ku National Archives ku Kew, pamodzi ndi zikalata za kafukufuku amene boma linkachita mwini minda akamwalira, zotchula wolowa m'malo ndi zaka zake. Mabuku a ubatizo, ukwati ndi maliro m'matchalitchi anayamba mu 1538 molamulidwa ndi Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII. Mindandanda imene oyang'anira zizindikiro ankalemba poyendera zigawo kuyambira mu 1530 ndi yodalirika pa mibadwo iwiri kapena itatu yoyandikira amene ankafotokozayo, koma mukamakwera kupitirira apo muziikayikira.

Popeza muli pafupi, mayi, tsiku lina mudzapite ku tchalitchi cha St Mary ku Great Brington, mudzi woyandikana ndi Althorp, kumene kuli manda a mibadwo yonse ndatchulayi, ambiri mwa mandawo ali ndi zifanizo zawo zosema zitagona chagada, manja atawaphatikiza ngati akupemphera. Mudzayambire pa manda a John woyamba ndi mkazi wake Isabel Graunt, ndipo mudzafunefune mitu ya mbalame ija musanayang'ane zigoba za nkhono pa manda a zidzukulu zake. Ine mwezi wamawa ndikupita kumudzi, ndipo ndapempha mayi anga aang'ono, amene ndi okhawo otsala mwa ana aakazi a agogo, kuti adzandifotokozere njira yonse ya ku Kachulu, malo amene agogo ankapumira ndi misika imene ankagulitsako, kuti ndizilembe iwo akadali ndi mphamvu zofotokoza.