Mapampasi a apongozi akutitha m'thumba, thandizo tingalipeze kuti?

Funso

Akonzi, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndikusamalira apongozi anga aakazi a zaka 78. Kuchipatala anati ali ndi matenda oiwalaiwala aja amati dementia. Kwa miyezi 4 tsopano akumadzikodzera, nthawi zina kudziipitsira kumene. Patsiku timatha mapampasi a akuluakulu 5 ndipo malipiro a bambo akunyumba sakufikanso kumapeto kwa mwezi. Kodi boma kapena bungwe lina limathandiza kugula zinthuzi?
Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Yankho

Mayi, pepani ndi matendawa, ndipo zikomo posunga apongozi anu mwaulemu. Tisakubisireni: zipatala za boma zimapereka chithandizo ndi mankhwala mwaulere, koma mapampasi a wodwala wa kunyumba si zinthu zomwe banja limakatenga mwezi ndi mwezi ngati mankhwala a BP. Thandizo la ndalama lilipo pang'ono ndipo tilifotokoza, koma ndalama zambiri muzipulumutsa pochepetsa mapampasi omwe mukugwiritsa ntchito. Mapampasi 5 patsiku ndi 150 pamwezi. Mukafika pa 2 patsiku ndiye kuti 60, ndipo kwa munthu amene akuyendabe izi zimatheka.

Yambani ndi kuchipatala, pa Area 25 pomwepo kapena ku Bwaila, mutatenga buku lawo la kuchipatala ndi mankhwala onse omwe akumwa. Ambiri amangoti kudzikodzera ndi ukalamba kapena dementia, pomwe pali zina zochizika zomwe zimakulitsa vutoli. Pemphani kuti ayezedwe mkodzo ndi shuga. Matenda a m'chikhodzodzo mwa okalamba sabwera ndi ululu nthawi zonse, ena amangosokonezeka mutu mwadzidzidzi n'kuyamba kukodza pafupipafupi. Shuga akakwera mkodzo umachuluka, makamaka usiku. Kudzimbidwa nakonso n'koipa: chimbudzi chouma chimapanikiza chikhodzodzo, ndipo chamadzi chimatha kudutsa m'mbali mwa choumacho, banja n'kumaganiza kuti atsekula m'mimba. Kuwapatsa mankhwala oletsa kutsekula pamenepo n'kuonjezera moto. Ngati akumwa mapiritsi okodzetsa monga hydrochlorothiazide kapena furosemide, funsani dokotala ngati angamamwe m'mawa, koma musawasiyitse nokha.

Chachiwiri ndi kuwaperekeza kuchimbudzi mwa nthawi, osadikira kuti anene. Munthu wa dementia nthawi zambiri chikhodzodzo chake chimagwirabe ntchito, chomwe chasokonekera ndi kukumbukira komwe kuli chimbudzi, kapena kumasula chitenje msanga. Kwa masiku 3 lembani m'kope nthawi iliyonse yomwe amwa, akodza kapena adzinyowetsa. Mudzaona kuti pali nthawi zake. Kenako aperekezeni akangodzuka, pakatha maola 2 kapena 3 aliwonse masana, mphindi 20 mpaka 30 akatha kudya, komanso asanagone. Musafunse kuti "Mukufuna kuchimbudzi?" chifukwa ayankha kuti ayi. Nenani kuti "Amayi, tiyeni tipite kuseri," muwagwire dzanja. Akayamba kukoka zovala, kuimirira n'kukhalanso, kapena kuzungulirazungulira, dziwani kuti nthawi yakwana.

Chimbudzi chokumba chapanja n'chovuta kwa munthu wa mawondo ofooka, ndipo usiku amatha kugwa. Akalipentala a ku Mchesi kapena a m'dera lanu atha kukupangirani mpando wa bowo pakati, wokhala ndi zogwirira m'mbali, woika ndowa pansi. Uziima pafupi ndi bedi, nyali yaing'ono ya sola ikuyaka usiku wonse.

Cholakwa chomwe timachiona kawirikawiri ndi kuwamana madzi. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wofiirira umapweteka chikhodzodzo, munthu amakodza pafupipafupi, amadzimbidwa, ndipo mutu umasokonezeka kwambiri. Azimwa makapu 6 mpaka 8 patsiku pokhapokha dokotala ataletsa chifukwa cha mtima kapena impso. Ambiri mwa makapuwo amwe dzuwa lisanalowe, ndipo achepetse kutatsala maola 2 kuti agone. Tiyi wa masamba ndi zakumwa za kola madzulo zimakodzetsa.

Tsopano za mapampasi enieniwo. Mapampasi ogula asiyireni usiku, ulendo wa kuchipatala ndi kutchalitchi. Masana gwiritsani ntchito matewera ochapa. Gulani mataulo a thonje pa kaunjika ku Tsoka, muwachape bwino, telala awadule n'kusoka mipindo 3 kapena 4 pamodzi, m'litali pafupifupi masentimita 50, m'lifupi 20. Muziika m'kabudula wamkati wogwira bwino. Pamafunika 12 mpaka 15 kuti ena akhale pathupi, ena pachingwe, makamaka nyengo ya dzinja pomwe nsalu zimachedwa kuuma. Kuipa kwa nsalu n'kwakuti siichotsa chinyontho pakhungu ngati pampasi, choncho ikanyowa isinthidwe pompo. Tsukuluzani kaye ndi madzi ozizira, kenako sopo, n'kuyanika padzuwa. Jik asathiridwe pa nsalu yomwe idakali ndi mkodzo, chifukwa zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wowawa m'maso ndi m'chifuwa. Matiresi akutidwe ndi pulasitiki wochindikala, uja kuchipatala amati makintoshi, pamwamba pake chitenje chopinda pawiri kuti khungu lisakhudze pulasitiki.

Pogula, yezani chiuno ndi tepi ya telala ndi kutsata manambala a pa paketi. Pampasi wamkulu kwambiri samwa mkodzo wochuluka, amangodontha m'ntchafu n'kunyowetsa bedi. Kuvalitsa awiri nthawi imodzi n'kutaya ndalama, pakuti kunja kwa wamkatiyo sikudutsa madzi. Poyerekeza mitengo, gawani mtengo wa paketi ndi chiwerengero cha mapampasi, popeza mapaketi amasiyana. Mashopu opikulitsa a ku Old Town amatsika mtengo mukagula katoni, koma yesani kaye paketi imodzi, ndipo ngati pali banja lina la vuto lomweli gawanani katoniyo. Khungu litsukidwe ndi sopo wosanunkhira, liumitsidwe mosakhula, n'kupaka mafuta a zinc oxide kapena Vaseline pang'ono chabe. Mafuta akachuluka amatseka pampasi ndipo mkodzo sulowa. Pampasi wa chimbudzi asadikire ngakhale mphindi 10, chifukwa chilonda cha pamatako chidzadya ndalama zoposa katoni. Ogwiritsidwa ntchito asaponyedwe m'chimbudzi chokumba, saola ndipo dzenje limadzaza msanga.

Za ndalama. Ndondomeko ya boma ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, imapereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Mabanja amasankhidwa pochita kalembera m'dera, ndipo nyumba yomwe muli wapantchito yolipidwa pamwezi n'kovuta kuti ilowe. Ngakhale zili choncho, pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Lilongwe ndi chiphaso cha unzika cha apongozi, buku la kuchipatala ndi kalata ya amfumu, kuti dzina lawo lidziwike. Funsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu za gulu losamalira odwala kunyumba. Ku St John of God, omwe amaona za matenda a ubongo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, mungapeze uphungu pa dementia yeniyeniyo, ndipo bungwe la MANEPO limagwirizanitsa mabungwe oona za okalamba.

Koma thandizo lofika msanga ndi la pachibale ndi kumpingo, bola mulipemphe ndi nambala. Kungoti "tithandizeni, amayi akudwala" kumabweretsa paketi ya shuga ndi pemphero. Lembani kuti pamwezi pakufunika mapampasi 60, sopo mipiringidzo yakutiyakuti, botolo la mafuta limodzi, mtengo wonse uwu. Amuna anu, osati inu, ndiwo aitanitse abale awo, popeza awa ndi amayi awo ndipo mlamu amamva bwino mawu a mbale wake. Aliyense atchule tsiku lomwe azitumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo malisiti azijambulidwa n'kutumizidwa pa gulu la WhatsApp la banja. Wopanda ndalama apereke tsiku lochapa kapena logonera. Kumpingo, amayi a Mvano, mphakati kapena komiti ya kumzikiti muwapemphe chinthu chimodzi chodziwika, monga paketi imodzi pamwezi. Ngongole ya banki mkhonde musaitengere mapampasi, chifukwa vutoli limabwera mwezi uliwonse pomwe chiwongola dzanja chikukwera.

Funso

Bambo anga ali ndi dementia ndipo mnzanga akuti tingowaikitsa paipi ya mkodzo kuti tisamagule mapampasi. Kodi n'koyenera?
Bambo wa ku Kawale

Yankho

Achimwene, ayi, pokhapokha dokotala ataona kuti mkodzo ukukanika kutuluka. Paipi yokhalitsa imalowetsa tizilombo m'chikhodzodzo, ndipo munthu woiwalaiwala amatha kuizula kabaluni koigwira m'chikhodzodzo kali kofufuma, n'kung'amba njira ya mkodzo. Bambo wachikulire amene akungodontha mkodzo ayezedwe kaye prostate, kachiwalo ka abambo kokhala m'munsi mwa chikhodzodzo, chifukwa ikatupa chikhodzodzo chimadzaza n'kumasefukira. Ngati mkodzo ukutuluka bwino, funsani anamwino ku Kamuzu Central za paipi yovala kunja ngati kondomu. Imasinthidwa tsiku lililonse, khungu litatsukidwa ndi kuuma, ndipo thumba lake la mkodzo limamangiriridwa pamwendo, m'munsi mwa chiuno, mkati mwa thalauza momwe manja awo safikamo msanga.