Njovu zidatha kale, nanga ku Elephant Marsh akutetezako chiyani?

FUNSO: Ine ndimalima kudimba cha ku Makhanga. Ndidamva pa wailesi kuti dambo lathu la Elephant Marsh lili m'gulu la malo otetezedwa pa dziko lonse. Chibadwire changa sindidaonepo njovu kuno, ngakhale bambo anga sadaione. Ndiye akutetezako chiyani? Kodi si njira yotilanda madimba imeneyi? Mlimi wa kudimba, Nsanje

YANKHO: Bambo, mtima ukhale pansi. Dambo limeneli silidasanduke paki ngati Lengwe kapena Majete, kumene munthu salowa ndi khasu. Chidachitika m'chaka cha 2017 n'chakuti lidalembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar, lomwe maiko adasainirana mu 1971 ku Iran. Kuno kwathu lidali lachiwiri, pambuyo pa Nyanja ya Chilwa. Panganolo silithamangitsa anthu. Limafuna kuti dambo ligwiritsidwe ntchito mwanzeru: muzilima, muzivuula nsomba, muzidula bango, koma dambolo lisafe.

Za njovu mwanena zoona. Dzinali lidachokera kwa David Livingstone, amene podutsa pa Shire mu 1859 adalemba kuti adaonapo njovu pafupifupi 800. Alenje a minyanga adazitha. Koma sizidapite ndi zonse. Ine ndidakulira m'chigwa cha Shire chomwecho, ndipo sindiiwala m'mawa wina malume anga atandikweza m'bwato kukaona miono yawo. Nkhungu ili pamadzi, mvuu zikupumira kuseri kwa gumbwa, akakowa atayera mbuu! pa chisumbu, nkhwazi ikulira pamwamba pa mvumo. Zimenezo zikadalipo m'mahekitala opitirira 60,000 a dambolo, pamodzi ndi ng'ona, atsekwe, avuwo, ndi mbalame zina zochokera kutali ku Ulaya zothawa chisanu.

Koma ndikuuzeni chimene chimandikhudza kwambiri. Dambolo ndi pothawira pa nyama, inde, komanso ndi pothawira panu. Inu a ku Makhanga mukudziwa kuposa ine zimene Ruo amachita akadzaza ndi mvula ya ku Mulanje. Amafika pa Chiromo ndi mphamvu, n'kutchinga Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo. Amathawira kuti? M'dambomo. Limawasunga, n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo pophwa amasiya chinyontho ndi dothi lachonde limene mumadzalapo chimanga ndi mbatata m'chilimwe. Makakana ndi milamba zimaswanira m'maudzu omwewo. Ndipo chaka cha njala, ndani m'chigwamo sadziwa nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi ija? Mabanja ambiri adapulumukirapo.

Mdani wa dimba lanu si pangano la Ramsar ayi. Ndi mchenga ndi matope. Mapiri a kumtunda adametedwa mpala ndi nkhwangwa za makala, ndiye mvula ikagwa dothi lonse limatsikira kwa inu. Dambo likakwiririka, madzi amasowa pokhala n'kulowa m'midzi. Tidaona mu Januwale 2015, tidaonanso pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Minda ina idatsala mchenga wokhawokha, wosamera ngakhale therere.

Mbali ina ili m'manja mwathu. Timalima mpaka kumapazi kwa mtsinje, tadula mikuyu, misikidzi ndi misangu imene mizu yake inkagwira gombe. Mitengo italiitali yomweyo ndiyo nkhwazi imamangamo chisa. Enanso amakokera nsomba ndi masikito, kukokolola ndi tiana tomwe, mawa n'kumadandaula kuti m'dambo mwauma. Pempho langa n'lakuti musiye mpata wa bango ndi mitengo pakati pa dimba ndi madzi, ndipo nkhani ya maukonde oletsedwa muziyankhulapo kwa amfumu ndi kukomiti ya asodzi ya padoko panu.

FUNSO: Mvuu zatha chimanga changa kawiri chaka chino. Nditani? Mayi wa ku Chikwawa

YANKHO: Pepani kwambiri, mayi, thukuta la miyezi kutha usiku umodzi n'zowawa. Mvuu imaswera m'madzi, usiku n'kutuluka kukadya, ndipo imakonda kudzera njira yake yomweyo tsiku ndi tsiku. Kaoneni m'mawa pamene pali mapazi. Ngati dimba lili pa mkwaso wake, iziononga chaka ndi chaka, ndipo kusuntha pang'ono n'kwabwino kuposa kulimbana nayo. Ena amakumba ngalande yakuya mbali ya kumadzi poti mvuu sidumpha. Musaime pakati pa iyo ndi mtsinje, makamaka ikakhala ndi mwana, ndipo musaitchere msampha chifukwa lamulo limaiteteza. Ikapitiriza, kauzeni amfumu kuti adziwitse a nthambi yoona za nyama zakutchire. Iwo ndiwo ali ndi chilolezo choithamangitsa, kapena kuiombera ikafika poopseza miyoyo ya anthu.