Chimene chimaononga ulendo wautali wa panjinga, ndi mmene mungachipewere

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga bwinobwino. Mwati munazolowera kupalasa makilomita 60 kumapeto kwa sabata, ndiye munayesa 130 ndi anzanu. Pofika cha m'ma 95 miyendo inakana, thupi likunjenjemera, minofu ikukokana, tayala lakumbuyo linaphwa kawiri, mpaka mdima unakupezani panjira. Mukufunsa ngati ndinu wochepa mphamvu. Ine sindikuona choncho. Zambiri zimene zinakugwetsani pa 95 paja zinayamba m'maola awiri oyambirira, pamene zonse zinkaoneka kuti zili bwino, ndipo zina zinayamba njinga isanatuluke n'komwe m'nyumba.

Tiyambe ndi kunjenjemerako. Thupi limasunga shuga wotchedwa glycogen m'minofu ndi m'chiwindi, pafupifupi magalamu 500 mwa munthu wamkulu. Mukamapalasa mwamphamvu osadya kanthu, shuga ameneyu amatha pakadutsa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Pa makilomita 60 mumafika pakhomo asanatheretu, n'chifukwa chake vutoli simunalidziwe. Akatha, mumamva njala yadzidzidzi, thukuta lozizira, manja kunjenjemera, maso kuchita chidima, kupsa mtima popanda chifukwa, ndipo mutu umalephera kuganiza ngakhale zinthu zosavuta. Apa m'pamene anthu amalowa m'maenje amene akuwaona ndi maso.

Ndiye yambani kudya pasanathe mphindi 45 chinyamukireni, njala isanabwere, kenako muzidya pang'ono mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Mlingo wake ndi magalamu 30 mpaka 60 a carbohydrate (shuga ndi sitachi zopatsa mphamvu) pa ola, ndipo pa ulendo wopitirira maola atatu muzikhala chakumtunda kwa mlingowu. Ochita mipikisano amafika 90 pa ola, koma mimba zawo anazizolowetsa pang'onopang'ono, musayambire pamenepo. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, jelo imodzi (kapaketi ka shuga wa phalaphala ka ochita masewera) 20 mpaka 25, botolo la 500 ml la chakumwa cha ochita masewera pafupifupi 30. Ulendo wa maola asanu ukufuna magalamu 250 mpaka 300. Usiku woti mawa mukunyamuka, yalani zonsezi patebulo n'kuwerenga. Ambiri amadabwa kuona kuti nthochi ziwiri zimene ankanyamula sizikwana ngakhale maola awiri. Zamafuta ambiri zisiyeni, zimachedwa kugayika ndipo zimalemetsa m'mimba pokwera chitunda. Chakudya chimene simunachiyesepo pa maulendo aafupi musachiyambire pa ulendo wautali.

Zikachitikabe, imani pamalo otetezeka, imwani chakumwa cha shuga, idyani, dikirani mphindi 15 kapena 20, ndipo bwererani ndi njira yachidule pa giya yopepuka. Mphamvu zimabwerako pang'ono, koma tsiku limenelo sizibwereranso mwakale.

Madzi ndi 500 mpaka 750 ml pa ola, kukatentha kuposa pamenepo. Kuti mudziwe mlingo wanuwanu, kwerani pasikelo musananyamuke ndiponso mutabwerako. Kilogalamu imodzi imene yatsika ndi pafupifupi lita imodzi ya thukuta imene simunabwezere. Mukatsika ndi 2 peresenti ya kulemera kwanu, monga makilogalamu 1.4 kwa munthu wa makilogalamu 70, mtima umagunda kwambiri pa liwiro lomwe lija. Koma musamangokhuthulira madzi okhaokha maola ambiri. Thukuta limachotsa mchere, ndipo kumwa madzi ochuluka opanda mchere kumatsitsa mchere wa sodium m'magazi, matenda amene madokotala amati hyponatremia. Amayamba ndi mutu, nseru ndi kusokonezeka, ndipo amatha kupha. Botolo limodzi likhale la madzi, linalo la electrolyte, chakumwa chobwezera mchere m'thupi. Ngati kabudula wanu amauma ndi mizere yoyera, ndinu wotaya mchere wambiri.

Za kukokana kwa minofu, anthu amathamangira kunena kuti ndi mchere. Nthawi zina n'zoona, koma kawirikawiri ndi minofu yotopa imene yagwiritsidwa ntchito yoposa imene inazolowera. Kuchoka pa 60 kufika pa 130 n'kulumpha kwakukulu zedi. Kwerani makwerero: 75, kenako 90, kenako 105, sabata imodzi mubwerere ku 70 kuti thupi lipume, ndiyeno 120. Ndipo m'maola awiri oyamba muzipalasa pa liwiro loti mukhoza kulankhula chiganizo chonse osabanika. Anzanu akathamangitsana pa chitunda choyamba, asiyeni, mukawapeza pamwamba. Miyendo izizungulira maulendo 80 mpaka 95 pa mphindi. Kukankha giya yolemera pa maulendo 60 pa mphindi kumamveka kukoma m'mawa, koma ndiko kumakokanitsa ntchafu masana. Muziyang'ananso mphepo. Ikakhala kumbuyo popita mumaona ngati muli ndi mphamvu zambiri, n'kupita kutali, kenako pobwerera mukulimbana nayo mutatopa kale. Ngati n'kotheka yambani moyang'anizana nayo.

Tsopano tayala lija. Tayala likaphwa kawiri motsatizana, nthawi zambiri choboola chija chinatsala momwemo. Mukachotsa chubu, musathamangire kuika china. Chipopeni pang'ono chophwacho, pezani pamene pakutuluka mpweya, ndipo chiyerekezeni ndi tayala kuyambira pa valavu kuti mudziwe malo ofufuza. Yendetsani zala mosamala mkati monse mwa tayala. Kagalasi kapena kawaya kochokera ku matayala a galimoto kamabisala mu labala, kamangotuluka tayala likapondedwa, ndiye pindani labalayo kuti kabowo katseguke. Bowo lenilenilo limanena zambiri. Likakhala limodzi kunja kwa chubu, chabaya ndi chinthu cha pamsewu. Likakhala mkati, mbali yoyang'ana ku limu, ndiye kuti tepi ya limu yasuntha ndipo mabowo a masipoko akudya chubu. Akakhala awiri oyandikana ngati mano a njoka, mpweya unali wochepa ndipo chubu chinapanikizidwa pakati pa limu ndi m'mphepete mwa dzenje. Ichi chachitatu chimachitika kwambiri pambuyo pa kuphwa koyamba, chifukwa ndi kapampu kam'manja anthu amatopa asanafike mpweya wokwanira, n'kunyamuka tayala lili lofewa.

Pobwezeretsa, ikani kampweya pang'ono m'chubu kuti chisapindike, lowetsani tayala ndi manja, ndipo musanapope zungulirani mbali zonse ziwiri kuona kuti chubu sichinatsinidwe pansi pa mlomo wa tayala. Zotsegulira tayala n'zochotsera, mukamalowetsera nazo n'zimene zimang'amba chubu chatsopano. Kwa munthu wa makilogalamu 70, tayala la 25 mm m'lifupi limafuna cha m'ma 80 mpaka 90 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala), la 28 mm cha m'ma 65 mpaka 75, koma musapyole zimene zalembedwa pa tayala ndi pa limu. Tayala likang'ambika m'mbali moti chubu chikusuzumira, ikani chigamba cholimba mkati, ngakhale pepala la jelo lopinda kawiri limakufikitsani. Mpweya wa CO2 wa m'timabotolo topopera tayala umathandiza msanga, kabotolo ka magalamu 16 kamadzaza tayala limodzi, koma umathawa m'chubu mofulumira, ndiye mukafika muuchotse n'kupopa mpweya wamba.

M'kachikwama ka pansi pa chishalo musasowe machubu awiri, zigamba ndi guluu wosauma, zotsegulira tayala ziwiri, pampu, multi-tool (kachida kophatikiza zida zingapo) yokhala ndi ma Allen key omasulira mabawuti ndi chodulira tcheni, komanso quick link (kachitsulo kolumikizira tcheni chikaduka) yogwirizana ndi tcheni chanu. Ya 10-speed (magiya 10 kumbuyo) siyenera pa tcheni cha 11-speed. Onaninso kutalika kwa valavu. Limu yakuya 50 mm imameza valavu ya 48 mm, ndipo mumapezeka muli ndi chubu chatsopano chimene simungachipope. Zonsezi ziyeseni kunyumba kamodzi, makamaka kuchotsa gudumu lakumbuyo.

Tcheni sichiduka popanda chifukwa. Chimakhala chatha, kapena mwasintha giya mukukankha mwamphamvu pa chitunda. Chiyezeni ndi chain checker, kachida koyezera kutha kwa tcheni: cha 11 kapena 12-speed chisinthidwe chikatalika ndi 0.5 peresenti. Waya wa giya yakumbuyo amakonda kuthothokera mkati mwa shifter, chosinthira magiya cha pa chiwongolero, ndipo chizindikiro chake ndi magiya kuyamba kulowa mwaulesi masiku angapo asanaduke. Akaduka, tcheni chimagwera pa kagiya kakang'ono kolemera. Kankhani derailleur, kachipangizo kosuntha tcheni pa magiya akumbuyo, ndi dzanja n'kumanga sikuluu yolembedwa H kuti tcheni chikwereko magiya angapo, kutsogolo muike pa giya yaing'ono ya pa mapedulo (chainring). Sipoko ikaduka, ikulungeni pa inzake kuti isakole, masulani buleki pang'ono ngati limu ikukhula, ndipo potsetsereka mupite mofatsa.

Zowawa za thupi zambiri zimaonekera pakatha maola atatu. Bondo likamawawa kutsogolo, nthawi zambiri chishalo chatsika. Likamawawa kumbuyo, chakwera. Sinthani ndi mamilimita atatu kapena asanu basi, ndipo osati usiku woti mawa ndi ulendo. Kabudula wa chigamba chofewa amavalidwa popanda china mkati, chifukwa misoko ndi imene imasupula. Dzanzi la chala chaching'ono ndi chinzake limabwera chifukwa chopanikiza mtsempha wa m'chikhatho, choncho muzisinthasintha pogwira ndipo zigongono zisaume.

Pali zinthu ziwiri zimene sindifuna kuti wina aliyense wopalasa njinga azitenge mopepuka. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kuyenda mokhotakhota kapena kusokonezeka kunja kukutentha, musamulimbikitse kuti atsala pang'ono. Muimitseni, mugonekeni pamthunzi, muthireni madzi thupi lonse ndipo itanani thandizo lachipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi munthu amene wagwa n'kumenyetsa mutu: akakhala ndi chizungulire, nseru, kapena akufunsa funso limodzimodzi mobwereza, asakwerenso njinga tsiku limenelo, akaonedwe kuchipatala. Helimeti imene yamenyetsedwa isinthidwe ngakhale ikuoneka yabwino kunja. Ngozi zambiri za pagulu zimabwera anthu atatopa, gudumu lakutsogolo likalowerana ndi lakumbuyo la mnzako. Iye akangokhota pang'ono, wogwa ndi amene ali kumbuyo.

Mdima uja ndi nkhani ya masamu. Makilomita 130 pa liwiro la 24 pa ola ndi pafupifupi maola asanu ndi theka opalasa okhaokha. Onjezani ola limodzi loima ndi lina la zovuta zapanjira, ndiye muwerengere chobwerera kuchokera nthawi yolowa dzuwa kuti mudziwe ola lonyamukira. Ikiranitu nthawi yotembenukira, yoti ikakwana mubwerera ngakhale musanafike kumene mumafuna. Nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo zikhale zotchaja ngakhale mukuganiza kuti mubwera masana, foni ikhale yodzaza m'kathumba kosalowa madzi, ndipo wina kunyumba adziwe njira yanu ndi nthawi yoyembekezera. Pa ulendo wotsatira wa makilomita 75 kapena 90, sankhani njira yozungulira kawiri kapena yokhala ndi podulira, kuti zikavuta pakati musakhale kutali ndi kwanu.