Amuna anga aitanidwa kukaunikidwa m'mimba koma sakudwala

FUNSO: Adokotala, ine ndi amuna anga timakhala ku Leeds, m'dziko la Britain. Chaka chino iwo akwanitsa zaka 65, ndipo a NHS, bungwe la boma loyendetsa zaumoyo kuno, awalembera kalata yowaitana kuti akawaunike mtsempha waukulu wa m'mimba. Iwo akukana, ati palibe pomwe akumva kuwawa ndipo munthu wabwinobwino sapita kuchipatala kukashosha matenda. Anasuta fodya zaka zambiri asanasiye. Kodi ndiwaumirize? Mayi wodandaula, Leeds.

YANKHO: Mayi, alimbikitseni apite, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho chimene iwo akukanira: vuto limeneli nthawi zambiri silimveka kupweteka mpaka tsiku limene lafika poipa.

Mtsempha umene akunenawo umatchedwa aorta, ndipo umachoka ku mtima kutsika kudutsa m'mimba, kunyamula magazi opita ku ziwalo za m'munsi. Mwa munthu wamkulu umakhala wotambalala pafupifupi masentimita 2. Khoma lake likafooka, umayamba kufufuma pang'onopang'ono kwa zaka, monga chimachitira chubu cha njinga pamalo pomwe chaperepeseka, ndipo ukaphulika magazi amatayikira m'kati mofulumira kotero kuti pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse amamwalira, ambiri asanafike n'komwe kuchipatala. Ndi vuto lomweli limene linapha katswiri wa sayansi Albert Einstein mu 1955. Limagwira amuna kwambiri kuposa akazi, makamaka okalamba, osuta fodya, odwala kuthamanga kwa magazi ndi amene m'banja mwawo wina analipezeka nalo. Popeza bambowo anasuta, kukana kwawo sindikukuona ngati kwanzeru.

Kuunikako n'kophweka. Munthu amagona chagada, kukweza malaya, ndipo amamupaka mafuta ozizira pamimba n'kuyendetsapo kachipangizo kofanana ndi kamene amaunikira nako amayi oyembekezera. Palibe jekeseni, zimatha m'mphindi 10 kapena 15, ndipo zotsatira amamuuza pomwepo.

Ku England ndondomeko imeneyi inayamba mu 2009. Mtsempha ukapezeka wosafika masentimita 3, monga zimakhalira kwa amuna ochuluka zedi, munthu saitanidwanso. Ukakhala pakati pa 3 ndi 4.4 amamuunika chaka chilichonse, pakati pa 4.5 ndi 5.4 amamuunika miyezi itatu iliyonse, ndipo ukafika 5.5 amamutumiza kwa dokotala wa mitsempha kuti akambirane za opaleshoni. Opaleshoniyo amatha kuichita potsegula mimba n'kusokerera chubu chopangidwa m'malo ofookawo, kapena polowetsa chubucho kudzera mu mtsempha wa mphechepeche.

Sindikubisirani kuti pali mbali yolemetsa. Munthu wopezeka ndi kufufuma kwakung'ono amakhala zaka akudziwa kuti ali ndi chinthu chimene madokotala sakuchichotsa koma kungochiyang'anira, ndipo ena zimawasowetsa tulo. Opaleshoni nayonso ili ndi chiopsezo chake, n'chifukwa chake sathamangira kuichita mtsempha usanakule. Komabe opaleshoni yokonzekera bwino imapulumutsa anthu ambiri kuposa yochitika mtsempha utaphulika kale.

Ngati tsiku lolembedwa m'kalatamo siliwayenera, aimbe nambala yomwe ili momwemo kuti awasinthire. Ndipo tsiku lina akadzamva kupweteka koopsa kwadzidzidzi m'mimba kapena kumsana, pamodzi ndi chizungulire, thukuta lozizira kapena kukomoka, musadikire kuti kuche: imbani 999, nambala yoitanira ambulansi, nthawi yomweyo.