Very exhausted yalakwa chiyani?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa namwino wina wa ku Zomba amene akukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS kuti akagwire ntchito ku Britain. M'chimangirizo choyeserera analemba kuti "after a night shift I am very exhausted", ndipo amene akumuphunzitsa anazunguliza very ndi cholembera chofiira, osanenapo kanthu. Funso lake n'lakuti: very tired akuilola, very exhausted akuikana, kusiyana kuli pati poti konseko n'kutopa?

Achemwali, kalata yanuyi yandiutsira mkwiyo wakale. Inu simunandilakwire. Chandipweteka ndi cholembera chofiiracho, chozunguliza mawu n'kungokhala chete ngati kuti chifukwa chake n'chinsinsi cha kudambwe.

Kusekondale komwe ndinaphunzira, yogonera konko, tili folomu 2 kunabwera mphunzitsi wa Chingerezi amene ankadana ndi very ngati mfiti. Ankati very ndi mawu a anthu aulesi. Tsiku lina anagawa bolodi pakati, kumanzere n'kulemba big, small, cold, hot, angry, hungry, dirty, funny, kumanja n'kulemba enormous, tiny, freezing, boiling, furious, starving, filthy, hilarious. Anatiuza kuti kuyambira tsikulo tizilemba za kumanja zokhazokha. Ife tinaloweza usiku womwewo ku prep, ena mpaka kuimba. Sabata yotsatira makope anabwerera ali magazi okhaokha, chifukwa theka la kalasi linali litalemba very enormous, very furious, very freezing. Mnyamata wina wochokera ku Ntcheu, amene ankakhala desiki imodzi ndi ine, anachita kuwonjeza mwaulemu wake: very very filthy. Anamukumbitsa dzenje la zinyalala Loweruka lonse. Mpaka tinalemba JCE palibe amene anatiuza chomwe chinalakwika. Tinangodziwa kuti very ikayandikira mawu a kumanja, khasu likukudikira.

Pasukulu yomweyo panali chikwangwani chachingwe chimene ankakuveka m'khosi ukagwidwa ukulankhula Chichewa, ndipo unkayenda nacho mpaka utagwira mnzako. Wogona nacho ankatchetcha. Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti yankho la funso lanuli linali m'chilankhulo chomwe ankatikwapuliracho. Mphunzitsi uja akanangolola mphindi zisanu za Chichewa m'kalasi mwake, dzenje lija silikanakumbidwa.

Tamverani. Timati malaya ndi oyera pang'ono, oyera kwambiri, oyera kuposa anga. Koma tikati oyera mbee, nkhani yatha. Kodi munamvapo munthu akuti oyera mbee pang'ono? Kapena akuda bii kwambiri, kufiira psuu pang'ono? Mwana wa zaka zinayi angakusekeni. Mvekero umakhala utanyamula kale kwambiri m'kati mwake. Ndiye pali kaja timaphatikiza kumapeto kwa mneni: watheratu, wanyoweratu, waferatu. Sitinena kuti galu wafa kwambiri. Timati waferatu, kutsimikiza kuti palibenso chotsala. Chingerezi chimachita zomwezo, kungoti icho chimasintha mawu onse. Tired ndi ndowa ya pamjigo imene ikadali ndi malo, mutha kuthiramo a bit, fairly, very, extremely, madzi n'kumakwera. Exhausted ndi ndowa yodzaza kale mpaka pakamwa. Very ndi kapu ina ya madzi, ilibe polowa. Chomwe mungachite n'kuchitira umboni kuti yadzazadi, ndipo umboniwo ndiye absolutely, completely, totally, utterly. M'mabuku afotokozi a mtundu woyambawo amawatcha gradable, achiwiriwo extreme kapena strong. Mayinawo musavutike nawo, sadzakufunsani.

Apa ndikanatha kulekeza. Koma poti mukupita ku Britain, pali china chimene buku la galamala silikuuzani, ndipo ine chinandipeza ndili ndi thireyi m'manja.

Ndinagwirapo ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kufupi ndi Manchester. Munali agogo ena aakazi, oseketsa kwabasi, amene m'mawa ankadya phala, tositi ya bata ndi tiyi wamkaka. Ikamakwana 11 koloko ankandikodola n'kunena kuti, "I'm absolutely starving, love." Tsiku loyamba ndinaima njo. Ine njala ya 2002 ndinaiona ndi maso. Ndinali kumudzi pa tchuthi pomwe anthu ankagona pamzere ku ADMARC kudikira chimanga, gaga atasanduka chakudya cha anthu, ena akusinja zitsa za nthochi. February wa chaka chimenecho boma linachita kulengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kwa ine starving anali mawu olemera, onena za munthu amene miyendo yatupa. Agogowa ankatanthauza kuti bisiketi yachedwa.

Poyamba zinkandinyansa. Ndinkaona ngati mwano, mwano wa anthu okhuta. Koma ndikamamvetsera anamwino anzanga, oyendetsa basi, ana a sukulu, ndinapeza kuti onse amatero. Kukatentha madigiri 25, aliyense ali "it's absolutely boiling", mabatani atamasula, pomwe madzi amawira pa 100. Dziko lawolo linadutsa madigiri 40 koyamba mu July 2022, ndipo sitima zina zinaima, pamene ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kotere kumabwera October ndi November anthu n'kumapalasa njinga ndi matumba a makala. Freezing yawo nayo sikuti nthawi zonse madzi aundana. Mphepo ya June ya pa Dedza yomweyi angaitche freezing. Mawu a kumanja kwa bolodi aja sapima dziko ayi. Amapima mtima wa wolankhulayo. Ndipo kunena zoona nafenso timatero: "ndafa nayo njala" amanena munthu amene wadya mmemo masana omwewo. Kungoti ya kwathuyi sitiimva kulemera chifukwa tinakulira nayo.

Tsono pamenepa ndiye pali mlandu wanga ndi aphunzitsi ambiri a Chingerezi kwathu kuno, ndipo sindibweza. Amaphunzitsa mawu amenewa ngati kuti ndi Chingerezi chapamwamba, cha anthu ophunzira, choti ukachilankhula anthu akuwombere m'manja. Bodza. Starving, boiling, freezing, hilarious ndi mawu a pabasi ndi kukhitchini. M'lipoti la kuchipatala simungalembe kuti wodwala anali absolutely boiling. Mulemba kutentha kwa thupi lake m'manambala. Dotolo akakufunsani, very tired ndi yolondola kuposa exhausted ngati wodwalayo akutha kudzuka yekha kupita kubafa. Kuletsa very n'kumuchotsera mwana mawu amene mzungu amawanena tsiku lonse osachita nawo manyazi.

Matendawa ndi akale. Tinakulira m'dziko limene Chingerezi chinali yunifolomu ya ulemu. Kamuzu ankalankhula Chingerezi pamisonkhano ya anthu akumudzi, womasulira ataima pambali, ngakhale kuti boma lake lomwelo ndi limene linakweza Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968. Mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, ana n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Mpaka lero MSCE sungaitenge utalephera Chingerezi, ngakhale masamu ndi sayansi utakhoza bwanji. M'dziko lotere mawu aatali amasanduka chuma. Pitani ku mpikisano wa mtsutso wa ana a sekondale mukamve: palibe vuto limene lili bad, onse ndi catastrophic, palibe mfundo imene ili wrong, zonse ndi preposterous. Mwambo wa maliro, woyendetsa mwambo akagwira maikolofoni, yemweyo. M'makalata ofunsira ntchito ndiye musanene. Ndinathandizapo kusankha makalata pa kabungwe kena, ndipo pafupifupi aliyense anali extremely delighted, highly ecstatic, very much overwhelmed kufunsira ntchito ya ukalaliki. Amene tinamuitana poyamba analemba kuti "I am very interested in this post", basi.

Ndipo very very yathu ija, imene anthu amaiseka, ine sindiiona cholakwa pocheza. Ife timabwereza mawu pofuna kutsindika: pang'onopang'ono, kwambirimbiri, msangamsanga. Azungu nawonso amati very, very good akafuna. Cholakwika si kubwereza. Cholakwika n'kuika very pamene malo atha kale.

Lamulolonso lisakuopseni ngati linatsika kumwamba. Eni ake amaliphwanya. Mabuku amati perfect ilibe more, chinthu chimakhala perfect kapena ayi, koma malamulo oyendetsera dziko la America, olembedwa mu 1787, m'chiganizo choyambirira muli "a more perfect Union". Very unique mudzaimva pa wailesi ya BBC yomwe, ena n'kumalemba makalata odandaula. Very delicious ndiye yafala dziko lonse lapansi. Koma woyesa mayeso si mnzanu wa pabasi, ndipo very exhausted m'khutu mwake imamveka ngati mbee pang'ono.

Msampha wa quite

Uwu wokha ndiupatse mutu wake chifukwa wagwetsa anthu ambiri. Ku Britain quite ili ndi nkhope ziwiri. Ikakhala ndi mfotokozi wokwera ndi kutsika imachepetsa: quite good ndiye kuti zili bwinoko, osati kwenikweni. Ikakhala ndi wodzaza kale imatsimikiza: quite right, quite impossible, quite brilliant ndiye kuti kotheratu. Mlongo wina amene tinkapemphera naye ku Manchester anabwera akusekerera kuti bwana wake wamuuza kuti ntchito yake ili quite good. Tinamusiya asangalale tsiku limenelo. Kwa Mmereka mawu omwewo amakhala chiyamikiro ndithu, pafupi ndi very good. Kwa Mngelezi muzimvetsera pomwe wakweza mawu: akatsindika pa quite, pali koma amene sanamutchule. Anthu ake ndi omwewa amene akati not bad ndiye kuti zawasangalatsa zedi, mvula ikamagwa ngati ya Napolo iwo n'kumati a bit wet. Munthu mmodzi yemweyo, bisiketi ikachedwa ali absolutely starving, mwendo ukathyoka ali a bit sore. Kwa namwino izi si nthabwala. Agogo akakuuzani kuti ali a bit uncomfortable pachifuwa, thamangani.

Nanga inu muchite chiyani? Mawu atsopano aliwonse muziwayesa ndi a bit. Ngati a bit cold, a bit tired, a bit angry zikumveka, very ilowa. Ngati a bit enormous, a bit furious, a bit fantastic zikukukhumudwitsani lilime, tengani absolutely. Njira ina ndi kufunsa ngati mawuwo mungawamasulire ndi very: exhausted ndi very tired, terrified ndi very scared, ndiye very ili kale m'katimo. Palinso kagulu ka mawu opanda pakati, monga dead, empty, finished, impossible, amene amakonda completely ndi totally, komanso almost ndi nearly. Mukakayika pakati pa chiganizo, nenani really. Imalowa konse, really tired, really exhausted, ndipo palibe angakuzungulizireni. Absolutely tired ndi yolakwika chimodzimodzi very exhausted, musathawe dzenje lina n'kugwera linzake. Ena amayenda awiriawiri popanda chifukwa chomveka, ndipo amenewa n'kungowaloweza pamodzi monga mwawapezera: bitterly cold, highly unlikely, deeply sorry, utterly ridiculous, fast asleep, wide awake, soaking wet. M'kope lanu musalembe mawu amodzi paokha, muzilemba ndi mnzake woyenda naye.

Pa mayeso olankhula a IELTS amayang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana: kulankhula mosadodoma ndi momveka, kuchuluka ndi kuyenera kwa mawu, galamala, ndi katchulidwe. Very exhausted imodzi siingakumizeni. Chomwe chimamiza ndi kuima pakati pa chiganizo kusakasaka mawu aakulu, kapena kuthira absolutely paliponse mpaka woyesayo n'kuzindikira kuti mwaloweza. Bungwe lolembetsa anamwino ku UK, NMC, limafuna 7 pa kulankhula, kumvetsera ndi kuwerenga, ndi 6.5 pa kulemba, ndipo pa kulemba mpamene ambiri amakodwa. M'chimangirizo cha Task 2, gawo lachiwiri la mayeso olemba, mawu ngati starving ndi boiling asiyeni panja, ndi ocheza. Kumeneko kumafunika highly, extremely, particularly, ndi afotokozi odekha.

Chiganizo chanu chija chikonzeni chonchi: "after a night shift I am absolutely exhausted". Ndipo mukakumananso ndi mphunzitsi wanuyo, mumufunse chifukwa chake anazunguliza very. Mukumulipira ndalama. Akayankha kuti "ndi mmene zilili basi", yambani kufunsira wina.