Kodi a Black Eyed Peas analakwa chiyani pa Super Bowl ya 2011?

Achimwene ena a ku Johannesburg anditumizira imelo sabata yatha. Akuti anaonera Black Eyed Peas pa konsati yotsegulira World Cup ku Orlando Stadium, ku Soweto, mu June 2010, ndipo anavina mpaka thukuta kamukamu. Ndiye akudabwa kuti bwanji anthu a ku America akamatchula oimba omwe anachita zamanyazi pa nthawi yopumira ya Super Bowl, masewero omaliza a ligi ya mpira wa ku America, dzina la gulu lomweli silisowa.

Achimwene, tsiku lake linali 6 February 2011, pa Cowboys Stadium ku Arlington, Texas. Green Bay Packers inagonjetsa Pittsburgh Steelers 31 kwa 25 pa mpira wawo wonyamula m'manja uja, ndipo anthu pafupifupi 111 miliyoni anaonera pa TV. Koma kuti mumvetse mkwiyo wa anthu, bwererani kaye ku 2004, chaka chomwe Justin Timberlake anang'amba chovala cha Janet Jackson akuimba pa nthawi yopumira ya Super Bowl, bere n'kuonekera dziko lonse likuona. A NFL, eni ake ligi, anachita mantha n'kuyamba kuitana madoda okhaokha: Paul McCartney, Rolling Stones, Prince, Tom Petty, Bruce Springsteen ndi The Who. Zaka 6 zonsezo anthu anazolowera magitala ndi mawu enieni otuluka pakhosi. A Black Eyed Peas ndiwo anabwera kudzatsegulanso chitseko cha nyimbo za achinyamata, moti maso onse anali pa iwo.

Poyambira sipanali poipa. Onse anayi, will.i.am, Fergie, apl.de.ap ndi Taboo, anatsika kuchokera kudenga la bwalo pa zingwe, atavala zovala zokhala ndi timagetsi. Ovina ambirimbiri anadzaza bwalo, nawonso akuwala ngati ziphaniphani. Vuto linayamba atatsegula pakamwa. Maikolofoni ya Fergie inangoti zii poyamba, ndipo itayamba kugwira, mawu ake ankamveka okuwa, osagwirizana ndi a anzake. Kenaka kunatulukira Slash, katswiri wa gitala wa Guns N' Roses, ndipo Fergie anaimba naye "Sweet Child o' Mine". Apa ndiye anaputa mavu nkhomola. Okonda rock amaiona nyimboyi ngati chuma chawo, ndipo sanamukhululukire poyesa kutsanzira kaimbidwe ka Axl Rose, woimba wa Guns N' Roses. Woimba wina, Usher, atabwera n'kuvina, ambiri anati mlendo waposa eni phwando, popeza eni akewo nthawi yambiri anangoima chilili. Ngakhale nsanja yomwe inayenera kulemba mawu akuti LOVE inawachita chipongwe, chifukwa mbali ina ya chilembo cha V sinayake.

Kuonjezera apo, masewero asanayambe Christina Aguilera anali atasokoneza kale mawu a nyimbo ya fuko. Pofika nthawi yopumira, anthu a pa Twitter anali atanola kale mano.

Maganizo anga ndi akuti gululi silinaipe mwadzidzidzi m'miyezi 8 yokha kuchokera ku Soweto. Nyimbo zawo zambiri za nthawi imeneyo ndi zophikidwa mu situdiyo, mawu akudutsa mu Auto-Tune, pulogalamu ya kompyuta yowongola mawu a woimba, ndipo zimakoma pamene aliyense akuvina osasamala kuti woimba wafika pati. Inu ku Orlando munapitira nyimbo, nsanja inali yokonzedwa kale, ndipo chimwemwe cha World Cup yoyamba mu Africa chinali chokwanira kubisa cholakwa chilichonse. Pa Super Bowl nsanja amaikokera pabwalo n'kuilumikiza m'mphindi zochepa, oimba n'kupatsidwa mphindi 12 kapena 13 basi. Woweruza wake ndi munthu wokhala pa sofa kunyumba, amene watsegula TV chifukwa cha mpira, ndipo kakulakwitsa kalikonse kakumulowa m'khutu mwachindunji.

Komabe ndisawanamizire otsutsawo kuti onse ankanena chilungamo. Ena anali ataipidwa nalo kale gululi lisanaimbe n'komwe, ndipo chaka chapitacho anthu ambiri anadandaulanso kuti a The Who akalamba. A NFL nawo sanabwerere kwa madoda a magitala aja. Mu 2012 anaitana Madonna, mu 2013 Beyoncé, ndipo zoti Beyoncé anachita bwanji usiku umenewo mungandifunse pa imelo ina.