Mafunso Anu pa Zamakompyuta: Kulumikiza mafayilo otsekedwa ndi pasiwedi

Funso: Akonzi, ndikupempha ngongole ndipo andiuza kuti nditumize masitetimenti a ku banki a miyezi isanu ndi umodzi mu fayilo imodzi ya PDF. Banki imanditumizira sitetimenti ya mwezi uliwonse pa imelo, yotsekedwa ndi pasiwedi. Pasiwediyo ndimayidziwa, koma ndikati ndiwalumikize pulogalamu imakana. Nditani?
Mayi a ku Chilomoni

Yankho: Mayi, kompyuta yanu ilibe vuto. Fayilo ikatsekedwa, zolembedwa zonse za m'kati mwake zimasokonezedwa dala, ndipo pasiwedi ndiyo kiyi yozibwezera m'malo mwake. Pulogalamu yolumikiza imafunika iwerenge tsamba lililonse kuti ilikopere, ndiye popanda kiyi imangoona zinthu zopanda mutu.

Dziwaninso kuti PDF imatha kukhala ndi mapasiwedi awiri. Yoyamba ndi yotsegulira, imene mumalemba fayilo isanaoneke. Yachiwiri ndi ya mwini fayilo, yoletsa kupulinta, kukopera mawu kapena kuchotsa ndi kuwonjezera masamba. Ndi chifukwa chake fayilo ina imatseguka bwinobwino koma nkukana kulumikizidwa.

Njira imene timaikonda ndi PDFsam Basic, pulogalamu yaulere yomwe mukaiika pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Itseguleni, sankhani Merge, kenako Add, nkulowetsa masitetimenti onse asanu ndi limodzi. Pambali pa fayilo iliyonse yotsekedwa muona kachizindikiro ka loko. Dinani kalokoko ndi kulemba pasiwedi. Samalani zilembo zazikulu ndi zazing'ono, chifukwa M ndi m sizofanana. Musanadine Run, onetsetsani kuti miyezi yatsatana. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: kompyuta ikandanda mafayilo motsatira afabeti, Epulo amabwera patsogolo pa Januwale. Asintheni mayina muyambe ndi nambala, monga 01 Januwale, 02 Febuluwale, 03 Malichi, ndipo andandana okha.

Ngati simungathe kuika pulogalamu yatsopano, monga zimakhalira pa makompyuta a ku ofesi, tsegulani sitetimenti mu Chrome, pulogalamu yotsegulira intaneti ija, lembani pasiwedi, dinani Ctrl ndi P, ndipo pamalo osankhira pulinta sankhani Save as PDF. Kope lotulukalo limakhala lopanda loko, moti pulogalamu iliyonse ilivomera. Njirayi imakanika pokhapo pamene mwini fayilo analetsa kupulinta.

Tsono mvetserani apa. Fayilo yolumikizayo imatuluka yosatsekedwa. Aliyense woipeza aona nambala ya akaunti yanu, malipiro anu ndi kulikonse kumene munatumiza ndalama m'miyezi yonseyo. Funsani kaye okongozawo ngati akulandira fayilo yokhala ndi pasiwedi. Akavomera, itsekeninso ndi PDF24 Creator, inanso yaulere ya pa Windows, ndipo pasiwediyo muwauze pa foni kapena pa SMS. Kuilemba mu imelo yomweyo nkofanana ndi kukhoma chitseko nkusiya kiyi pa loko. Mukatha fufutani makope onse osatsekedwa, ndi mu Recycle Bin momwe, mmene mumapita zofufutidwa. Yang'ananinso kukula kwa fayilo: Gmail simalola kumata zopitirira 25 MB.

Funso: Ndilibe laputopu, ndimadalira malo a intaneti ku Limbe. Mnyamata wa pamalopo akuti pali mawebusayiti olumikiza PDF mwaulere. Ndingawagwiritse ntchito?
Bambo a ku Bangwe

Yankho: Amagwiradi ntchito, bambo, ndipo pa zinthu ngati manotsi a kusukulu palibe chodetsa nkhawa. Koma chitupa cha unzika, peyisilipi kapena sitetimenti ya ku banki, ife tikuti ayi. Webusayitiyo imafuna mukweze fayilo pamodzi ndi pasiwedi yake ku kompyuta ya anthu ena, amene simukuwadziwa. Pemphani kuti akuikireni PDFsam pamakinapo, pasiwedi mulembe nokha ndi zala zanu, fayilo muisunge pa fulashi yanu. Musananyamuke tsegulani foda ya Downloads muone zimene zatsalamo, mufufute, ndipo mutuluke mu imelo yanu.

Funso: Ndinalumikiza kalata imene inasayinidwa pa kompyuta ndi mapepala ena a tenda. Pano siginecha sikuonekanso kuti ndi yovomerezeka. Ndalakwitsa pati?
Owerenga a ku Ginnery Corner

Yankho: Simunalakwitse kudina kulikonse, siginecha yotere ndi momwe inapangidwira. Posayina, kompyuta imawerengera zonse za mu fayilo nkutulutsa chidindo chogwirizana ndi fayilo imeneyo yokha. Mukalumikiza mwapanga fayilo ina, ndiye chidindo chija sichigwirizana nayo. Chithunzi cha siginecha chikhoza kuonekabe patsamba, koma umboni wake wapita, ndipo palibe pulogalamu yoti nkuubwezeretsa. Bwererani ku kalata yoyambirira ija. Ngati ofuna tendawo akulola, ikani kalatayo ndi mapepala enawo mu fayilo imodzi ya ZIP, yomwe ili ngati phukusi la mafayilo angapo. Pulogalamu ya 7-Zip imachita zimenezi osakhudza za m'kati, ndipo imatha kutseka ndi AES-256, njira yolimba yotsekera mafayilo. Akaumirira PDF imodzi, lumikizani zonse kaye, oyenera kusayina asayine pomaliza.

Chenjeraninso ndi mafomu odzaza pa kompyuta. Mukalumikiza makope awiri a fomu imodzimodzi, mabokosi ake amakhala ndi mayina ofanana m'kati, moti dzina la pa fomu yoyamba likhoza kulowa pa yachiwiri. Musanalumikize, dutsitsani fomu iliyonse pa Save as PDF kuti zolembazo zikhazikike.

Funso: Nanga pasiwedi nditaiwala?
Achimwene a ku Ndirande

Yankho: Ngati ndi fayilo ya ku banki, werengani imelo imene inabwera nayo; kawirikawiri imafotokoza m'mene pasiwediyo inapangidwira, ndipo mukhozanso kukapempha kope lina ku nthambi yanu. Ngati munaitseka nokha ndi AES-256 ndi pasiwedi yaitali, musataye ndalama kwa olonjeza kuithyola. Sakani kope loyambirira la Word kapena la sikani mu imelo, pa WhatsApp ndi pa fulashi zanu zakale.